Injini ya makina a kapinga ikafuka: tikonze kapena tigule ina?

Mvula ikangogwa kawiri katatu mu Disembala, kapinga wa m'mabwalo a ku Namiwawa, ku Sunnyside, ku Area 10 ndi ku Area 43 amadzuka ngati wamva belu. Sabata ziwiri zokha udzu wafika m'mawondo. Ndi nthawi imeneyi pamene makina otchetchera aja, amene anagona m'chipinda cha makasu kuyambira mu Meyi, amatulutsidwa kuti ayambe ntchito. Ena amalira pa chingwe choyamba. Ambiri amakana. Mukadutsa kwa amakaniko a ku Ndirande, ku Limbe kapena ku Biwi mu Lilongwe nyengo ino, muwapeza atandanda pansi pa mtengo ngati odwala pa chipatala, eni ake atagwira tsaya pambali.

Mawu amene eni makinawa amamva kumeneko ndi amodzimodzi chaka ndi chaka: "Bwana, injini yatha iyi." Akatero makaniko amatchula njira ziwiri. Yoyamba, aimasule yonse, aike maring'i atsopano, apale mavalavu, asinthe magasiketi. Yachiwiri, muitaye mugule ina. Mtengo wa njira yoyamba umatsekemera m'khutu, wa yachiwiri umaumitsa kukhosi. Ndiye ambiri timathamangira yoyamba, osafunsa n'komwe kuti kwenikweni chatha n'chiyani.

Wina ati iyi ndi nkhani ya anthu a kumayadi, ife a mumsika itikhudza bwanji? Pitani mukaone amene akukankha makinawa. Ambiri ndi anyamata amene anasonkhanitsa tindalama ta geni n'kugula makina akale kwa mzungu wobwerera kwawo kapena kwa m'bale wochokera ku Joni. Lero amayenda nawo pa wilibala kapena pa njinga, kutchetcha pa matchalitchi, m'masukulu, m'malo ogona alendo ndi m'mabwalo a maofesi. Kwa iwowa makina aja ndiwo munda, ndiwonso sitolo. Ndipo nyengo yawo njaifupi: Disembala mpaka Epulo, mwina kulowa pang'ono mu Meyi. Udzu ukauma, ntchito yauma. Sabata imodzi makina ali kwa makaniko mu Januwale si sabata wamba ayi, chifukwa bwalo limene simunafikeko Lolemba, Lachitatu mukapeza mnzanu wa chikwakwa walimaliza, ndipo mwini bwalo wasunga kale nambala yake.

Ine maganizo anga pa nkhaniyi ndi awiri, ndipo poyamba aoneka ngati akutsutsana. Injini zambiri zimene timauzidwa kuti zatha sizinathe konse. Koma imene yathadi, kuiika chigamba n'kutungira madzi m'dengu.

Tiyambe taidziwa nyamayo. Injini ya makina otchetchera ndi kanthu kosavuta: silinda imodzi, pisitoni imodzi, mavalavu awiri, pulagi imodzi. Ilibe redieta, imazizira ndi mphepo imene fulayiwilo imakupiza kudutsa m'timapiko ta pa silinda. Zambiri zilibe pampu ya oyilo ngakhale sefa yake. Muli kachitsulo kamene kamangowaza oyilo m'kati monga mayi awazira madzi pabwalo asanasese, ndipo oyiloyo ngochepa, kungopitirira pang'ono theka la lita. Tsono kanthu kameneka kamazungulira pafupifupi ka 3,000 pa mphindi imodzi. Werengani nokha: pa ola limodzi pisitoni yakwera ndi kutsika ka 180,000. Kuti ilire pamafunika zinthu zitatu: petulo wosakanizika bwino ndi mpweya, moto wa pa pulagi wobwera pa nthawi yake, ndi mphamvu yopanikiza mpweya m'silinda, imene amakaniko amati kompuresheni. Mwa zitatuzi, ndi chachitatu chokha chimene chikasowa tingayambe kukamba zoti injini yatha. Ziwiri zinazo ndi matenda a panado.

Taonani za petulo. Dziko lathu linayamba kusakaniza petulo ndi ethanol wa ku nzimbe mu 1982, fakitale ya ku Dwangwa itatsegulidwa, ndipo mu 2004 inabweranso ina ku Chikwawa. Kwa galimoto yoyenda tsiku ndi tsiku palibe vuto, komanso dziko limapulumutsako ndalama zakunja. Koma ethanol amakoka chinyezi. Petulo amene wagona m'thanki miyezi 7 amauma n'kusiya phula, amadyetsa kabuleta, amaumitsa timapaipi ta labala pamodzi ndi kachikopa kopyapyala kamene m'injini zakale za Briggs & Stratton kamapopa petulo kuchoka m'thanki. Kabowo kodutsa petulo m'kabuleta n'kochepa ngati ka singano, kamatsekeka ndi kanthu kosaoneka ndi maso. Onjezanipo petulo wa m'zigubu amene tinkagula m'mbali mwa msewu m'masiku a mizere pa mafilingi siteshoni mu 2022, 2023 ndi 2024, wina wothiridwa palafini, wina kaya madzi. Injini yomwa zimenezi imalira kamodzi n'kuzima, kapena imalira mokwera ndi kutsika ngati munthu wabefu. Mankhwala ake ndi kutsuka thanki ndi kabuleta, basi.

Za moto nazo n'chimodzimodzi. Nthawi zina ndi pulagi chabe imene yada. Nthawi zina ndi kakiyi. Pakati pa fulayiwilo ndi shafiti pali kakiyi ka chitsulo chofewa, kamene anakapanga dala kuti mpeni ukamenya mwala kapena chitsa kaduke ndiko, zitsulo zodula zipulumuke. Kakaduka, fulayiwilo imasendera pang'ono, moto umabwera pa nthawi yolakwika, injini imakana kulira kapena chingwe chimakuthyolani dzanja pokoka. Kakiyi kameneka ndiko kotsika mtengo kuposa china chilichonse m'injinimo. Komabe ndaonapo munthu akusongola msomali n'kuukhoma m'malo mwake, ati kuti kasadzadukenso. Zoona sikadzaduka. Tsiku lokumananso ndi chitsa, chidzasweke ndi fulayiwilo.

Utsi nawo umanamiza. Wakuda ndi petulo wochuluka, kawirikawiri chifukwa sefa ya mpweya yatsekeka ndi fumbi. Wotuwa ngati wabuluu ndi oyilo amene akupsa, ndipo apa mpamene anthu amalira maliro. Koma oyilo amatha kulowa m'silinda pa zifukwa zopepuka. Mwina mwathira wopyola muyeso. Mwina mnyamata anapendeketsa makina mbali yolakwika pochotsa udzu wokanirira pansi, oyilo n'kuyenderera mpaka m'kabuleta. Makina awa popendeketsa, sefa ndi kabuleta zizikhala kumwamba. Utsi wa mtundu umenewu umatha wokha injini ikalira kwa mphindi zingapo.

Choncho musanavomere mawu oti "yatha", pemphani makaniko akuonetseni. Choyamba achotse waya wa pulagi, pakuti mpeni uja sudziwa chala cha mwini wake. Injini zambiri zili ndi kachipangizo kotulutsako mpweya pokoka chingwe kuti chisalimbe, motero geji ikhoza kuonetsa nambala yotsika pa injini yabwinobwino. N'chifukwa chake amakaniko akale ankazunguza fulayiwilo chobwerera m'mbuyo ndi dzanja: ikagunda mpweya n'kudumpha ngati mpira, mphamvu ilipo. Ngati mphamvu yachepadi, athire kasupuni ka oyilo pa bowo la pulagi ayesenso. Ikakwera, ndiye kuti oyilo watseka mpata umene maring'i asiya, vuto lili m'silinda. Ikapanda kusintha, mpweya ukuthawira pa mavalavu kapena pa gasiketi ya pamutu, ndipo zimenezi zimakonzeka tsiku limodzi popanda kung'amba mimba ya injini. Kuyesa konseku sikufika theka la ola. Makaniko wokana kuyesa pamaso panu, nyamulani makina anu. Safunsa anadya phula.

Tsopano tibwere pa injini imene yathadi. Zizindikiro zake zimayendera limodzi: utsi wosalekeza ngakhale yatentha, oyilo wotsika tsiku lililonse, pulagi yonyowa ndi oyilo, kuzima ikangolowa mu udzu wokhwima, ndiponso kugogoda m'kati, kusonyeza kuti ndodo ya pisitoni yayamba kugwedera pa shafiti. Chimene chimapha injini zathu kwambiri ndi fumbi. Katondo wathu akalowa pa sefa yong'ambika n'kusakanikirana ndi oyilo, amasanduka sandipepa wamadzi amene amapala silinda ka 180,000 pa ola. Alipo anyamata amene amachotseratu sefa ati injini ipume bwino. Imapumadi, mpaka kupumiratu.

Apa mpamene pagona nkhani. Ring'i yatsopano njozungulira bwinobwino. Silinda yakutha siyozungulira. Imakhala ngati dzira, ndipo kumwamba imakula kuposa kumunsi. Malangizo amene a Briggs & Stratton amapereka kwa amakaniko amati silinda ikakula ndi 0.003 ya inchi kupyola muyeso wake, iyenera kuboledwa. Muyeso umenewu sufika 0.08 ya milimita, kunenepa kwa tsitsi limodzi la m'mutu. Ndifunse: mwa amakaniko athu a pansi pa mtengo, ndi angati amene ali ndi chipangizo choyezera tsitsi limodzi? Mukaika ring'i yozungulira m'bowo longa dzira, imatseka kwa kanthawi, utsi n'kuleka, mwini makina n'kuthokoza. Pakapita sabata zingapo utsi wabwerera.

Kukonza kwenikweni n'kwina. Silinda ipite ku shopu ya injiniyaring'i ikaboledwe, papezeke pisitoni yaikuluko ndi 0.010, 0.020 kapena 0.030 ya inchi pamodzi ndi maring'i ake, shafiti iyezedwe, ndodo ya pisitoni isinthidwe ngati yagwedera, kenaka masilo, magasiketi ndi mavalavu. Mukalemba zonsezi pa pepala n'kuwonkhetsa, mudzaona mtengo ukukwawira kufupi ndi wa injini yatsopano. Ndipo mukatha, kabuleta akadali wakale, koyilo yakale, chingwe ndi sipuling'i yake zakale.

Msuweni wanga wina amatchetcha mu Blantyre. Makina ake anayamba kufuka mu Januwale wa chaka china. Iye amawerenga ndalama m'mabwalo, osati m'makwacha, ndipo ndimagwirizana naye chifukwa kwacha imasintha pomwe bwalo silisintha. Injini yatsopano inkafuna ndalama za mabwalo ngati 30. Maring'i ndi ntchito ya makaniko, mabwalo 8. Anasankha maring'i. Makina anagona masiku 5 kudikira maring'iwo, n'kugwira ntchito sabata zitatu, utsi uwo. Tsiku lobwerera kwa makaniko ndinamuperekeza.

"Achimwene," anafunsa msuweni wanga, "kodi silindayi munaiyeza musanaike maring'i aja?"

"Aise, ine ntchito imeneyi ndinaiyamba iwe uli ku pulayimale. Chala changachi ndiye geji. Maring'i aja anali achinyengo, tiike ena a orijino."

Anaika ena, mabwalo 8 enanso, masiku 4 enanso. Kumayambiriro kwa Malichi, ali pakati pa bwalo la tchalitchi china, ndodo ya pisitoni inaduka n'kuboola injini m'nthiti. Injini yatsopano ija anaigulabe, ndi ngongole, udzu utatsala mwezi umodzi ndi theka kuti uume. A komiti ya pa tchalitchipo, atatopa ndi bwalo lometedwa theka, anali atapeza munthu wina. Inu a ku koleji, ine ndinachokako digiri isanapse, koma masamu a apa ndi a sitandade 5: mabwalo 16 a maring'i, mabwalo awiri pa tsiku kwa masiku 9 ogona, kuphatikiza 30 aja amene ankawathawa.

Sindikufuna kusenzetsa amakaniko mlandu wonse. Anthu amenewa ndiwo ayendetsa dziko lino. Minibasi zimene kwawo zinalembedwa kale kuti zamwalira, zigayo za dizilo za m'midzi, mapampu, majenereta, zonsezi zikulira chifukwa cha manja awo. Ndiponso makaniko amagulitsa chimene kasitomala angathe kulipira. Akatchula mtengo wa ntchito yonse, timati ndi wakuba n'kupita kwa mnzake amene anena mtengo wa chigamba. Tinawaphunzitsa ndife. Koma luso limene limagwira ntchito pa injini ya chigayo, yachitsulo cholemera, yopangidwa kuti iziboledwa kangapo pa moyo wake, silingasamutsidwe lonse kupita pa kainjini ka makina a kapinga. Kameneka kanabadwa ndi cholinga china.

Makina otchetchera anayamba ndi Edwin Budding wa kufupi ndi Stroud ku England mu 1830, ataona makina ometa ubweya pa nsalu m'fakitale. Amenewo anali okankha ndi manja, opanda injini. Chimene chinafikitsa makina a petulo pa khomo la munthu wamba ndi injini yopepuka ya aluminiyamu imene kampani ya Briggs & Stratton ya ku Milwaukee, ku America, inatulutsa mu 1953. Aluminiyamu ngopepuka, amazizira msanga, ndipo kuumba kwake n'kotsika mtengo. Pa injini zambiri za pakhomo, zimene kampaniyo inazitcha Kool-Bore, pisitoni imayenda pa aluminiyamu weniweniyo. Pa zina, zolembedwa I/C, anaikamo silivi ya chitsulo cholimba chifukwa anazipangira anthu otchetcha ngati ntchito. Honda nayo inagawa chimodzimodzi: GCV ya pakhomo, GXV ya pantchito yokhala ndi silivi. Kuti mudziwe yanu, mutu ukachotsedwa gundikani maginito m'kati mwa silinda. Akakakamira, muli chitsulo. Akagwa, ndi aluminiyamu. Mapisitoni a mitundu iwiriyi ngosiyananso khungu lake, choncho pisitoni yotoledwa pa mulu wa zitsulo, ngakhale ilowe bwino, ikhoza kukanda silinda tsiku lomwelo.

Injini ya pakhomo anaipangira bambo wa ku America wotchetcha kabwalo kake ola limodzi Loweruka. Tiyerekeze amatero sabata 30 pa chaka: maola 30. Mnyamata wathu akatchetcha maola 6 pa tsiku, masiku 6 pa sabata, kwa sabata 18 za dzinja, wakwanitsa maola 648. Ntchito ya zaka zoposa 20 m'dzinja limodzi! Opanga amati oyilo azisinthidwa pa maola 50 aliwonse, ndipo pafumbi msanga kuposa apo. Kwa bambo wa ku America ndi kamodzi pa chaka. Kwa mnyamata wathu ndi pafupifupi sabata iliyonse, ndipo ndi angati amene amatero? Mu 2015 Briggs & Stratton inafika potulutsa injini, ya dzina loti EXi, imene inkalengezedwa kuti sifuna kusintha oyilo pa moyo wake wonse, kungowonjezera akachepa. Mukamva choncho dzifunseni kuti moyo umene akunenawo ngotalika bwanji, ndipo akuuwerengera pa bwalo la yani.

Nanga kukonza kumapambana liti? Pali mfundo imodzi imene amalonda aimvetsa msanga. Injini yatsopano imachokera kunja, masipeya nawonso amachokera kunja. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zonse ziwiri zinakwera limodzi. Chathu chokha pa ntchitoyi ndi manja a makaniko. Choncho pamene ntchito ili yambiri koma zogula zochepa, monga kutsuka kabuleta, kupala mavalavu, kusintha gasiketi kapena kakiyi, kukonza kumapambana kutalitali, ndipo wotaya injini pa zifukwa zimenezi ndalama zamuyabwa. Pamene mndandanda wa zogula watalika, phindu la manja otsika mtengo limamira. Ine muyeso wanga ngwakuti mtengo wa kukonza konse, kosabisa kanthu, ukapyola theka la mtengo wa injini yatsopano, pa injini ya aluminiyamu musavutike. Pa ya silivi yachitsulo, imene shafiti yake ikadali yowongoka ndipo masipeya ake enieni akupezeka, bolani ndithu. Imeneyo ikakonzedwa bwino idzaika m'manda zatsopano ziwiri zotchipa.

Nthawi nayo ndi ndalama. Ntchito yaikulu ya injini njoyenera Julayi kapena Ogasiti, makina ali pa tchuthi, makaniko alibe mzere, masipeya angadikiridwe mwezi wathunthu popanda wodandaula. Injini imene yayamba kumwa oyilo mu Epulo yakuchenjezani kale. Tsoka lake timaikankhira m'chipinda, ndalama za dzinja n'kulowa ku fizi ndi ku feteleza, n'kudzaikumbukira mvula itagwa. Kwa bambo amene makina ndi a pabwalo pake pokha, kapena wophunzira wofuna kudziwa m'mimba mwa injini, masiku ogona alibe mtengo. Amasule, aphunzire, palibe kalasi yoposa imeneyo. Kwa wodyera pomwepo, mu Januwale, nkhani ndi ina.

Pali chinthu chimodzi chimene sindigonjerapo: shafiti yopindika. Mpeni ukamenya chitsa mwamphamvu, nthawi zina kakiyi kaja sikakwanira kuteteza, shafiti imapinda. Makina amayamba kunjenjemera mpaka manja kuchita dzanzi, mabawuti kumasuka okha, oyilo kudontha pansi. Mukachotsa waya wa pulagi n'kuzunguza mpeni pang'onopang'ono, mudzaona bawuti ya pakati ikuvina. Amakaniko ena amalowetsa paipi yaitali n'kukanikiza mpaka iwongoke. Chitsulo chopindidwa kawiri chimakhala ndi ming'alu yosaoneka. Tsono mpeni wa masentimita 50 ukamazungulira ka 3,000 pa mphindi, nsonga yake imathamanga pafupifupi makilomita 280 pa ola. Ndipo makinawa amatchetcha pa sukulu, ana ali pa buleki. Shafiti yopindika isinthidwe kapena injini ipume, palibe za paipi.

Mwaganiza zogula ina? Nakonso kuli maenje. Yambani mwayang'ana thupi la makinawo. Ngati chitsulo chokhalapo injini chadyeka ndi dzimbiri mpaka kuboola ndi sikuludiraiva, ngati mateyala akugwedera pa malo owotcherera kachisanu, injini yatsopano pamenepo ndi suti pa munthu wopanda nsapato. Koma makina ambiri akale ali ndi thupi lokhuthala kuposa atsopano otchipa a m'masitolo, ndiye kusintha injini yokha kumakhala kwanzeru kuposa kugula makina onse.

Kenaka muyeso. Injini ya makina otchetchera shafiti yake imaloza pansi. Ya pampu kapena ya jenereta imaloza cham'mbali, ndipo simungangoigoneka chagada, chifukwa oyilo ndi kabuleta zinapangidwira mbali imodzi. Mwa zoloza pansi, shafiti zina nzonenepa mamilimita 22.2, zina 25, ndipo kutalika kwake kumasiyana. Ikafupika, mpeni umabisala m'mwamba osafika pa udzu. Ikatalika, mpeni umatulukira kunsi kwa thupi, kufupi ndi zala za kumapazi. Onaninso mabowo a mabawuti ndi chitsulo chogwira mpeni. Njira yachidule ndi kunyamula injini yakaleyo kupita nayo ku sitolo, muziike pamodzi. Pa injini za Briggs & Stratton pali manambala atatu odindidwa pa chitsulo, Model, Type ndi Code. Awiri oyambawo ndiwo ofunsira masipeya. Pa Code, manambala awiri oyamba ndi chaka chimene injini inapangidwa, awiri otsatira mwezi, awiri enanso otsatira tsiku. Wogulitsa injini yakale akamalumbira kuti "yangogwira chaka chimodzi, bwana", pukutani fumbi pamenepo muwerenge nokha.

Zambiri zimene mupeze m'masitolo ndi za ku China. Honda inatulutsa injini zake za GX mu 1983, ndipo mapangidwe ake akoperedwa kwambiri kotero kuti masipeya a zokopera zambiri amalowana. Makampani akuluakulu a mu mzinda wa Chongqing, monga Loncin, Zongshen ndi Lifan, amapanga injini zimene zimagwira ntchito ndithu mukazisamala. Vuto ndi zija zopanda dzina, zopaka utoto wofiira wonyezimira ndi sitika yofanana ndi ya eni ake kusiyana chilembo chimodzi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Funso langa kwa wa sitolo limakhala limodzi: kabuleta, koyilo ndi chingwe cha injini imeneyi muli nazo pa shelefu? Andionetse. Akati zikubwera mwezi wamawa, ndapita. Ndipo mukagula, kumbukirani kuti zambiri zimabwera zopanda oyilo m'mimba, komanso oyilo woyamba achotsedwe pakangotha maola ngati 5, chifukwa amatuluka ndi tizitsulo ta ku fakitale.

Funso la masipeya likulirakulira, chifukwa kumene injinizi zimachokera zinthu zasintha. Tecumseh, imene kale inkapikisana ndi Briggs & Stratton, inaleka kupanga injini mu 2008, ndipo amene ali ndi makina ake akudziwa m'mene kusaka gasiketi kumawawira. Briggs & Stratton yomweyo inagwa ndi ngongole mu Julayi 2020, n'kugulidwa ndi KPS Capital Partners m'chaka chomwecho. Honda inasiya kupanga makina otchetchera a petulo ku America mu 2023. Boma la California linakhazikitsa lamulo mu 2021 lofuna kuthetsa kugulitsa tiinjini tatsopano ta petulo ta mtundu umenewu, kuti anthu asamukire ku mabatire. Ku France, kuyambira mu 2021, makina otchetchera a magetsi anayamba kugulitsidwa ndi chizindikiro cha malikisi, pa 10, osonyeza kuti ngosavuta bwanji kukonza. Kuno makina a batire, ndi mtengo wa batire lakelo komanso udzu wathu wa m'mawondo, mnyamata wa mabwalo awiri pa tsiku sangawadalire msanga. Tikhala ndi petulo kwa kanthawi, koma tizidziwa kuti injini ya dzina limene likuzilala kwawo, kuikonza lero n'kubetcha kuti sipeya yotsatira idzapezeka.

Injini yakale ija musaisiye kwa makaniko ngati mphatso, ngakhale akuuzeni kuti ndi zinyalala. Chatha ndi silinda ndi pisitoni. Koyilo ikadali ndi moto, kabuleta wotsuka uja ngwabwino, thanki, chivundikiro chake, chokokera chingwe, fulayiwilo ndi paipi ya utsi zonse zili ndi msika, ndipo iye akudziwa kuti sabata yamawa kubwera wina wozifuna. Mugwirizane mtengo auchotse pa ntchito yomangirira injini yatsopano, kapena munyamule mukasunge m'thumba la feteleza pamalo pouma. Chigoba chotsalacho ndi aluminiyamu, ndipo oumba miphika amagula pa sikelo.